Wosimba Nkhani Anaima Pati?

Pa bwalo la mirandu mfumu siigamula isanafunse mboni kumene inaima pamene mbuzi inabedwa. Koma anyamata ndi atsikana ambiri otsiriza sukulu, akatsegula buku, amaiwala funso limeneli, namalandira zonse monga zoona cifukwa zinasindikizidwa. Mlembi ndi wina. Wosimba nkhani, amene mau ace amveka m'bukumo, ndi winanso.

Buku la Robinson Crusoe linalembedwa ndi Daniel Defoe, nilituluka m'caka ca 1719. Defoe sanakhale pa cisumbu. Wolankhula kuti "ine" ndiye Crusoe, ndipo zaka 28 za kumeneko wowerenga aziona ndi maso a munthu mmodzi yekhayo. Apa mpofunika kucenjera. Crusoe asimba kuti anagulitsa mnyamata Xury, amene anathawa naye mu ukapolo, kwa mwini combo wa Cipwitikizi. Asimbanso kuti combo cace cinasweka ali pa ulendo wokagula akapolo ku Guinea. Combo cisanasweke adandaula za Xury, koma cimuwawa ndico kusowa wom'thandiza m'munda. Munthu amene anam'pulumutsa pa cisumbupo anam'cha Friday, dzina la tsiku limene anam'peza, nam'phunzitsa kumuitana mbuye. Dzina limene mai wace anam'patsa silimveka m'buku lonse. Crusoe sanalifunse, ndipo wowerenga wosasamala salifunsanso, pakuti wabwereka maso a Crusoe osadziwa.

Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anatsata njira ina m'buku lace la Nthondo la 1933. Iye anena "iye", osati "ine". Wosimba wace aima pamwamba ngati munthu wa pa culu, naona moyo wonse wa Nthondo, kuyambira kubadwa kufikira imfa, zimene Nthondo mwini sakanatha kuzisimba. Kumeneko ndi kupindula. Komabe wa pa culu nayenso ali ndi kumene wapenya: wosimbayu adziwa kale kuti wakuba uja adzakhala mfumu ndi kutembenuka mtima, ndipo asankha zosimba zace kuti zifike kumeneko. Nthondo mnyamata, akadapatsidwa mpata wolankhula, kapena akadanena za njala yace zambiri kuposa za macimo ace.

Ambiri ayesa kuti "iye" ndiye mboni yokhulupirika koposa "ine". Sikutero ai. Crusoe aonekera poyera, ndipo mwana wa sukulu angathe kum'tsutsa. Wosimba wa Ntara abisala, kotero kuti wowerenga ayenera kum'funafuna m'mau oyamika ndi odzudzula amene awaika pambali pa zocita za Nthondo.