Duku lapita kuti? Mawu a zovala pa makhadi a ukwati

Makhadi oitanira anthu ku ukwati masiku ano ali ndi chizolowezi chimodzi chomwe ndikufuna tichiunike. Khadi likhoza kulembedwa m'Chichewa chomveka bwino: mayina a mabanja, tchalitchi, holo ya madyerero, nthawi ya perekaniperekani. Koma likangofika pa zovala, limatembenukira ku Chingerezi: "dress code", kenako mitundu ngati "burgundy" kapena "dusty pink", pomaliza "fascinator" kapena "headgear". Mauthenga a makomiti a ukwati pa WhatsApp nawonso ndi chimodzimodzi. Ine ndikuti mzere umenewu umayankha funso lolakwika, ndipo amene amavutika nawo kwambiri ndi amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50, omwe pa ukwati wa pachibale sakhala alendo wamba.

Ndisanapitirire, musandiyese wodana ndi mawu obwereka. Mawu athu ambiri a zovala anachokera kwina. Nsapato ndi chipewa tinatenga ku Chipwitikizi, kumene amati sapato ndi chapéu. Diresi, siketi, suti ndi telala n'za ku Chingerezi. Ngakhale duku lenilenilo linachokera ku liwu lakuti doek la Chidatchi ndi Chiafirikanzi, ndipo Ashona nawo ali nalo, amati dhuku. Kusiyana kwake n'kwakuti mawu amenewa anakhazikika. Ali ndi magulu awo a mayina: timati duku langa, maduku athu, chipewa chija, zipewa zija. Nanga "fascinator" tiziti wanga, yanga kapena langa? Funsani anthu atatu, mumva mayankho atatu. Liwu likadali mlendo, koma talipatsa kale mpando wa kutsogolo.

Aneni amatiuza zambiri kuposa mayina. Chipewa timavala n'kuvula. Duku timamanga, ngakhale kuti "kuvala duku" kumamvekanso. Kumanga ndi luso la manja, ndipo n'chifukwa chake timamva anthu akuti "amayi aja amatha kumanga duku". Palibe amene anganene kuti wina amatha kuvala chipewa. Palinso kuveka, mnzake wa kuvala ndi kuvula: mwana amaveka makolo ake, banja limaveka mayi a mkwatibwi. Mneni ameneyu amasonyeza kuti chovala cha pa ukwati si nkhani ya munthu mmodzi, pali wovala ndi womuveka. Khadi likangoti "dress code", womuvekayo amasowa. Chimatsala ndi lamulo basi, ndipo bilu yake ndi ya wovala.

Tsono n'chifukwa chiyani olemba makhadi amalizemba liwu lakuti duku? Ndikuona kuti tanthauzo lake likuchepa m'kamwa mwa anthu a m'tauni. Duku aliika ku maliro, ku Mvano ndi ku mabungwe ena a amayi a mpingo, ndiponso kwa agogo kumudzi. Nsalu yomweyo ikaumitsidwa n'kumangidwa motukuka, imasintha dzina n'kukhala "headgear" kapena gele, liwu la Chiyoruba lomwe tinalizolowera poonera mafilimu a ku Nigeria. Chinthu n'chimodzi, koma dzina lachikuda lapita ku chisoni, lachilendo ku chisangalalo. Komatu Joyce Banda, ali mtsogoleri wa dziko kuyambira 2012 mpaka 2014, ankapita ku misonkhano ya mayiko atamanga duku logwirizana ndi chovala chake cha chitenje, ndipo silinali la maliro ayi.

Kwa amayi a msinkhu wapakatiwu nkhaniyi ili ndi mbiri. Iwo anabadwa kapena kukula lamulo la kavalidwe la 1973 likugwira ntchito, lija loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, lomwe linathetsedwa mu 1993. Anakula akumva mawu akuti "kuvala modzilemekeza" ngati chenjezo. Ana awo akula ndi liwu lina, kutchena. Ndiye mayiyu akaima pakati, mawu akuti "mwavala bwino" amakhala ndi matanthauzo awiri. Akanena apongozi, ndiye kuti mwaphimba zoyenera kuphimba. Akanena mwana wanu, ndiye kuti mwakongola. Akamanga duku, achinyamata amati zachigogo. Akaika kanthenga pamutu, akuluakulu amanong'onezana kuti "eti akufuna kupikisana ndi mkwatibwi". Khadi la Chingerezi lija silimuthandiza kusankha, limangomuwonjezera mbali yachitatu yoti aiope.

Funso lenileni lomwe Chichewa chimafunsa si lakuti "ndivale mtundu wanji?" koma "ndikupita ngati ndani?" Mayi a mkwati, azakhali, mayi aang'ono, akazi a ankhoswe, asewere: aliyense ali ndi malo ake, ndipo chovala chimalengeza malowo anthu asanamve dzina. N'chifukwa chake mwambo wa yunifolomu, woti akuchimuna agule nsalu imodzi, akuchikazi ina, umamveka msanga kwa aliyense. Ukalowa mu holo umadziwa kuti awa ndi eni ukwati, awo ndi oitanidwa. Yunifolomu nayo ili ndi vuto lake, chifukwa mtengo wa nsalu ndi wa telala umatha kusiya wachibale wosauka kunja. Koma chinenero chake n'cha ubale. Pamene "burgundy" amafananitsa azakhali a mkwatibwi ndi mnzake wa ku ofesi amene anadziwana naye chaka chatha.

Ena amati Chichewa chilibe mawu a mitundu yambiri. N'zoona kuti mawu athu akuluakulu ndi ochepa: choyera, chakuda, chofiira, chobiriwira, chotuwa. Koma timatha kufanizira. Timati chachikasu, chamtambo, chaphulusa. Palibe chotiletsa kulemba kuti "chofiira moderako". Ndipo kwa telala, kachidutswa ka nsalu kamalankhula bwino kuposa liwu lililonse. Azakhali a ku Ntcheu akamva "dusty pink" pa foni, adzagula zimene aganiza, n'kudzazindikira pa khomo la holo kuti asiyana ndi anzawo onse. Manyazi amenewo wawabweretsa ndi wolemba khadi, osati azakhaliwo.

Pempho langa kwa makomiti a ukwati ndi osindikiza makhadi ndi lapafupi. Yambani ndi anthu, mitundu ibwere pambuyo. Lembani kuti "amayi a mbali ya mkwati adzavala nsalu yakutiyakuti, duku kapena chipewa monga angakondere". Tchulani amene adzaveke makolo. Ndipo liwu lakuti duku lilembeni mosaopa pa khadi la golide lomwelo, kuti mayi wofuna kumanga lake asamadzifunse ngati akuloledwa.