Buku la Pro Git ndi mphunzitsi wa ku Mualadzi

Kuyambira pa kafukufuku wa PEBIMO, amene anayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi m'chigawo cha Tete pakati pa 1993 ndi 1997, dandaulo limodzi silinachoke pakamwa pa aphunzitsi: mabuku a m'chinenero cha ana ndi ochepa. Ambiri amadzilembera okha nthano ndi mindandanda ya mawu, n'kumapatsirana pa fulashi. Pakatha chaka, nthano imodzi imakhala m'mafayilo asanu, ndipo palibe amene akudziwa kuti yokonzedwa bwino ndi iti.

Pulogalamu ya Git inapangidwira vuto la mtundu womwewu. Linus Torvalds anaiyamba mu 2005 kuti anthu ambiri azitha kusintha ntchito imodzi popanda kufufutirana. Ndi yaulere, ndipo imasunga mbiri ya kusintha kulikonse: anasintha ndani, liti, chifukwa chiyani. Khomo limene oyamba kumene ambiri amalowera ndi buku la Pro Git, lolembedwa ndi Scott Chacon ndi Ben Straub, limene linatulukanso kachiwiri mu 2014. Limawerengedwa mwaulere pa intaneti ndipo lili ndi kumasulira kwa Chipwitikizi. Funso ndi lakuti: mphunzitsi wa ku Mualadzi, m'boma la Chifunde, atalitsegula angapindule nalo?

Bukuli ndi lolembedwa bwino, ndipo zithunzi zake zofotokoza nthambi n'zomveka. Nthambi ikanathandizadi kuno. Ku Mozambique amalemba c pamene ku Malawi amalemba ch, choncho nthano imodzi ingakhale ndi nthambi ziwiri, zolakwika n'kumakonzedwa pamodzi. Vuto la bukuli ndi dongosolo lake. Zimene mphunzitsi akufuna tsiku loyamba zinaikidwa kumapeto.

Mutu woyamba umanena kuti pafupifupi ntchito yonse ya Git imachitika popanda intaneti, ndipo chitsanzo chake ndi cha munthu amene ali m'ndege kapena m'sitima. Kwa olembawo kusowa intaneti ndi nkhani ya maola angapo paulendo. Kwa munthu amene amagula bandulo ya pafoni ndi ndalama za m'thumba mwake, ndi mmene zinthu zimakhalira masiku ambiri. Git ili ndi lamulo lotchedwa bundle, limene limamanga mbiri yonse ya ntchito mu fayilo imodzi yoti n'kuinyamula pa fulashi kupita nayo kusukulu ina. Bukuli limafotokoza zimenezi m'mutu 7, pafupi ndi mapeto ake. Ndi oyamba angati amafika pamenepo?

Za mafayilo a Word n'chimodzimodzi. Aphunzitsi amalembera mu Word, koma Git sitha kusonyeza yokha mawu amene asintha m'fayilo yotereyi. Imangonena kuti fayilo yasintha, basi. Njira yozembera vutoli ili m'mutu 8. Chenjezoli linayenera kukhala patsamba loyamba, limodzi ndi malangizo akuti nthano zizilembedwa m'mafayilo a mawu okhaokha. Ngakhale m'mafayilo amenewo Git imayerekezera mzere ndi mzere, kotero kuti wokonza liwu limodzi m'ndime yaitali amaona ngati ndime yonse yasintha, pokhapokha atadziwa kuwonjezera --word-diff.

Palinso kanthu kakang'ono koma koopseza. Fayilo ikatchedwa lição.txt, Git imaionetsa pamndandanda ngati li\303\247\303\243o.txt, ndipo chilembo ŵ chimasanduka \305\265. Fayiloyo siinawonongeke, ndipo kukonza kwake ndi mzere umodzi wokhudza core.quotepath. Koma munthu amene waona dzina la phunziro lake litasanduka manambala amatseka kompyuta poganiza kuti waononga zinthu. Mitu yoyamba ya bukuli simukonzekeretsa woŵerenga pa zimenezi, popeza mafayilo a m'zitsanzo zake ali ndi mayina a Chingerezi.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi mawu. Malo amene Git imasungirako zosintha zisanalowe m'mbiri ali ndi mayina atatu: index, staging area ndi cache. Santiago Perez De Rosso ndi Daniel Jackson a ku MIT anasonyeza mu 2013 kuti chisokonezo chambiri cha Git chimachokera ku kapangidwe ka malingaliro ake enieniwo, ndipo malo amenewa anali pakati pa zitsanzo zawo. Kumasulira kwa ku Brazil kumasiya mawu ngati commit ndi branch m'Chingerezi. Ndiye kuti mphunzitsi wolankhula Chinyanja akuŵerenga m'chinenero chachiwiri mawu a chinenero chachitatu. (Ndipo commit, m'khutu la Mchewa, ndi komiti ya sukulu.) Aliyense amene anaonapo mwana wa kalasi yoyamba akubwereza mawu a Chipwitikizi osawamvetsa adziwa chimene chimatsatira: munthu amaloweza add, commit, push ngati nyimbo, ndipo tsiku limene china chalakwika amasowa pogwira.

Maphunziro a zinenero ziwiri ali ndi yankho lake lakale: lingaliro liyambe lamveka m'chinenero cha wophunzira, dzina lachilendo libwere pambuyo. Buku la oyamba likanayamba ndi nthano imodzi ndi aphunzitsi awiri. Wina akonza kalembedwe, wina asintha mathero, kenaka aphatikiza. "Kusunga mmene ntchito ilili lero" kumveke kaye, liwu lakuti commit lidzatchulidwe wophunzira atachita kale zimenezo katatu.

Laisensi ya Pro Git imalola kumasulira ndi kusintha bukuli, bola asaligulitse, atchule eni ake ndipo chatsopanocho chikhale pa laisensi yomweyo. Kumasulira mitu yonse khumi m'Chinyanja kungadye nthawi pachabe. Masamba 15 okha, oyamba ndi fulashi, mafayilo a mawu okhaokha ndi core.quotepath, ndiwo ofunika kuwayesa ndi aphunzitsi enieni, wofufuza atakhala pambali n'kumalemba pamene aliyense waima.