Nsima, mafuta ndi mantha: kuunika mkangano wa kadyedwe ka Banting

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, sipadutsa sabata asanalandire malangizo a kadyedwe kuchokera mbali zonse. Wina amuuza kuti asiyiretu nsima ndi mpunga, azingodya nyama, mazira ndi masamba. Wina amuletsa mafuta onse, ngakhale nsinjiro ndi mapeyala. Wachitatu amuuza kuti asamalawe kanthu kufikira masana. Aliyense amati kafukufuku ali kumbali yake. Pobwerera kwa namwino kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, wodwalayo amafika akuopa ndi chakudya cha pakhomo pake chomwe.

Malangizo otsutsanawa ali ndi kochokera. Ndi zotsalira za mkangano umene akatswiri a ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa akhala nawo kwa zaka zoposa 50. Wazaumoyo amene akudziwa mmene mkanganowo unayambira, komanso zimene kafukufuku anapeza atayesa mbali zonse ziwiri, angathe kuyankha wodwala mopanda kumuwonjezera mantha.

Magulu awiri, mdani mmodzimmodzi

Gulu loyamba limati vuto ndi mafuta. Maganizo amenewa anakula ndi ntchito ya Ancel Keys wa ku America, amene kafukufuku wake wa m'mayiko asanu ndi awiri, woyamba mu 1958, anasonyeza kuti kumene anthu amadya mafuta ambiri a nyama kumakhalanso matenda a mtima ambiri. Mu 1977 komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America inalangiza anthu kuchepetsa mafuta, ndipo mafakitale anayamba kupanga zakudya zolembedwa kuti zilibe mafuta, zambiri mwa izo zodzadza ndi shuga.

Gulu lachiwiri limati vuto ndi shuga ndi zakudya zokhutitsa monga chimanga, tirigu ndi mpunga. Maganizowa ndi akale kuposa oyamba aja. Mu 1863 William Banting, wokonza za maliro mumzinda wa London, analemba kabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Mu 1972 Robert Atkins anadzutsanso maganizowo ku America. Kumwera kwa Africa anafalitsidwa kwambiri ndi Tim Noakes, pulofesa wa pa yunivesite ya Cape Town, kudzera m'buku la The Real Meal Revolution limene analemba ndi anzake mu 2013. Bukulo limagawa zakudya m'mindandanda itatu: wobiriwira wa zoyenera kudya momasuka, wapakati wa zodya mosamala, ndi wofiira wa zoyenera kupewa. Chimanga chili pa wofiira. Popeza Amalawi ambiri amagwira ntchito ku South Africa ndipo amalumikizana ndi abale pafoni tsiku ndi tsiku, mawu oti Banting sanavutike kuwoloka malire.

Magulu awiriwa amatsutsana pa chilichonse, koma amafanana pa chinthu chimodzi. Onse amasankha mtundu umodzi wa chakudya n'kuutcha mdani, ndipo amalonjeza kuti mdaniyo akachotsedwa, thanzi libwerera.

Zimene Banting ananena zoona

Kuunika mwachilungamo kuyenera kuyamba ndi zimene Noakes ndi anzake analondola. Iwo anachenjeza za shuga, zakumwa zotsekemera ndi ufa woyeretsedwa kwambiri pa nthawi imene anthu ambiri ankangoopa mafuta. Analondolanso ponena kuti kuchepetsa zakudya zokhutitsa kumatsitsa shuga wa m'magazi mwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri. Bungwe la American Diabetes Association linavomereza mu 2019 kuti njira imeneyi ili ndi umboni wabwino, ngakhale linanenanso kuti palibe kadyedwe kamodzi koyenera odwala onse.

Nalo gulu loopa mafuta linalonjeza zoposa zimene linakwaniritsa. Kafukufuku wa Women's Health Initiative anatsatira amayi oposa 48,000 a ku America kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Zotsatira zake, zotuluka mu 2006, zinasonyeza kuti kungochepetsa mafuta onse sikunachepetse matenda a mtima mooneka. Chimene chimaoneka chofunika ndi mtundu wa mafutawo, osati kuchuluka kwake kokha.

Pamene bukulo limalakwitsa ndi pochoka pa mfundo yothandiza odwala ena n'kuisandutsa lamulo la anthu onse. Mu 2014 Noakes anayankha pa Twitter mayi wina woyamwitsa kuti mwana akamasiya bere azipatsidwa zakudya za mafuta ambiri ndi zokhutitsa zochepa. Nkhaniyo inakafika ku bungwe loyang'anira azaumoyo ku South Africa la HPCSA, limene linam'peza wosalakwa mu 2017, ndipo chigamulocho chinatsimikizidwa mu 2018. Omutsatira amatchula chigamulochi ngati umboni woti kadyedweko n'kolondola. Komatu umenewu unali mlandu wa khalidwe la dokotala. Funso loti ndi kadyedwe kati kamene kamathandiza kwambiri limayankhidwa ndi kafukufuku woyerekeza magulu a anthu.

Atayesedwa mbali ndi mbali

Kafukufuku wotere alipo. Mu 2018 Christopher Gardner ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa DIETFITS. Anthu akuluakulu 609 onenepa anagawidwa mwa maere: theka achepetse mafuta, theka achepetse zokhutitsa. Patatha miyezi 12, ochepetsa mafuta anatsika ndi makilogalamu 5.3 pa avareji, ochepetsa zokhutitsa ndi makilogalamu 6.0. Kusiyana kumeneku kunali kochepa moti kukanatha kungochitika mwamwayi. M'gulu lililonse munali ena amene anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 30 ndi ena amene anakwera ndi pafupifupi 10. Kuchuluka kwa insulini imene thupi la munthu limatulutsa sikunathandize kudziwa kadyedwe kamene kangamuyenere, ngakhale kuti maganizo a Banting amatsamira kwambiri pa insulini.

Chofunika kuchiona m'kafukufuku ameneyu ndi malangizo amene magulu onse awiri analandira mofanana: kudya masamba ambiri, kuchepetsa shuga ndi ufa woyeretsedwa, komanso kuphika pakhomo. Palibe amene anapatsidwa chiwerengero cha makalori choti asapitirire.

Ku South Africa komweko, Celeste Naude ndi anzake a pa yunivesite ya Stellenbosch anasonkhanitsa akafukufuku 61 okhudza anthu pafupifupi 7,000 mu kawuniwuni wa Cochrane wa 2022. Anapeza kusiyana kochepa kwambiri, kwa kilogalamu imodzi kapena kuchepera apo, pakati pa kuchepetsa zokhutitsa ndi kudya zakudya zosakaniza, kufikira zaka ziwiri. Kafukufuku wina wa ku Boston wa 2005 anayerekeza njira zinayi zotchuka, kuphatikizapo ya Atkins, pa anthu 160. Chimene chinasiyanitsa anthuwo sichinali dzina la njirayo koma kutha kuitsatira chaka chonse, ndipo ambiri anasiyira panjira. Nako kusala chakudya kwa maola kunayesedwa ku Guangzhou m'dziko la China pa anthu 139. Zotsatira za 2022 zinasonyeza kuti kudya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo pokha sikunawonjezere phindu looneka poyerekeza ndi kungochepetsa chakudya.

Pa nkhani ya kutalika kwa moyo, kafukufuku wa 2018 m'magazini ya The Lancet Public Health anatsatira anthu oposa 15,000 a ku America kwa zaka pafupifupi 25. Imfa zinali zochepa mwa amene ankapeza magawo 50 mpaka 55 pa 100 a mphamvu zawo kuchokera ku zokhutitsa. Zinali zochulukirapo mwa amene ankapeza magawo ochepera 40, komanso mwa amene ankapitirira 70. Kafukufuku wongotsatira anthu sangatsimikize chimene chinayambitsa imfazo, koma akusonyeza kuti ngozi ili kumapeto konse kuwiri. Mbale yodzadza nsima yokhala ndi kandiwo kochepa pambali ili ndi vuto lake, monganso mbale ya nyama yokhayokha.

Mtengo wa malamulo okhwima

Malamulo oletseratu zakudya ali ndi mtengo umene mabuku a kadyedwe satchula. Keys yemwe uja anatsogolera kafukufuku ku Minnesota mu 1944 ndi 1945, mmene amuna 36 athanzi anapatsidwa chakudya chochepa kwambiri kwa miyezi isanu ndi umodzi. Iwo anayamba kumangoganiza za chakudya, kukwiya msanga ndi kukhumudwa, ndipo atamasulidwa ena ankadya mosadziletsa. Njala imeneyo inali yoopsa kuposa ya munthu wofuna kuchepetsa thupi, koma inasonyeza mmene thupi ndi maganizo zimabwezera zikamanidwa. Mu 2007 Traci Mann ndi anzake anaunika akafukufuku otsatira anthu kwa nthawi yaitali, n'kupeza kuti pakati pa munthu mmodzi ndi awiri mwa atatu alionse amene anadzimana chakudya anadzanenepa kuposa poyamba. Wolephera lamulo limodzi amathamangira lina, kenako linanso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ku Malawi mtengowo umakula. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pamene amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso. Mavuto awiriwa amatha kupezeka pakhomo limodzi, pa mphika umodzi. Mayi akaleka kutendera ndiwo ndi kuthira mafuta chifukwa wauzidwa kuti mafuta ndi oipa, wovutika ndi mwana, amene amafunika mafuta kuti apeze mphamvu komanso kuti thupi lake liyamwe vitamini A wa m'masamba. Bambo akauzidwa kuti asiye nsima azidya nyama ndi mazira, ndalama za ndiwo za banja lonse zimathera pa mbale imodzi.

Ngozi ina ndi ya msanga. Wodwala shuga amene akumwa glibenclamide kapena kudzibaya insulini akasiya nsima mwadzidzidzi, kapena akayamba kusala chakudya mankhwala osasinthidwa, shuga wake angathe kutsika kwambiri. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, chizungulire, kusokonezeka mutu ndi kukomoka. Choncho wodwala aliyense wofuna kusintha kwambiri kadyedwe ayenera kuyamba waonana ndi dokotala. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, komanso odwala chifuwa chachikulu sayenera kudzimana chakudya.

Kudya mwa muyeso sikutayirira

Pali chodandaula chomveka pa mawu oti muyeso: alibe malire, ndipo ogulitsa zakumwa zotsekemera amawakonda kwambiri. Kuti akhale ndi tanthauzo ayenera kukhala ndi manambala. Bungwe la WHO limalangiza mchere wosafika magalamu asanu patsiku, amene ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi. Shuga wowonjezera wosafika gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu za patsiku. Ndi magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso.

Muyeso sutanthauzanso kuti zakudya zonse n'zofanana. Mu 2019 Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America anasunga anthu 20 m'chipatala kwa mwezi. Masabata awiri ankadya zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, masabata awiri zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe, ndipo aliyense ankadya mmene wafunira. Pa za m'mafakitale ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku ndipo anakwera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Anthu 20 ndi ochepa, koma zotsatirazi zikugwirizana ndi malangizo a dziko la Brazil a 2014, amene amalimbikitsa zakudya zachilengedwe, kudya pa nthawi yake, modekha komanso pamodzi ndi ena.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene azaumoyo a ku Malawi amaphunzitsa kale, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ali pafupi ndi umboni umenewu kuposa mindandanda yoletsa. Kwa munthu wonenepa kapena wa shuga, uthenga wake ndi wotheka: mitanda ya nsima ichepe, ndiwo zichuluke, mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera, nyemba, nandolo, khobwe, usipa, bonongwe ndi nkhwani wotendera zizipezeka kawirikawiri, shuga wa mu tiyi achepe pang'onopang'ono, zakumwa zotsekemera, mandasi ndi tchipisi zikhale za apo ndi apo. Amene wasankha yekha kuchepetsa kwambiri zokhutitsa, ndipo zikumuyendera bwino moyang'aniridwa ndi dokotala, palibe chifukwa chomuletsera. Odwala impso ndi ena a matenda apadera amafunika malangizo awoawo a kuchipatala.

Wazaumoyo akafunsidwa ngati nsima ndi yoipa, angachite bwino kufunsa kaye: pakhomo amaphika ndani, amadya kangati patsiku, mitanda ingati, ndiwo zanji, tiyi amathira masipuni angati, akumwa mankhwala ati. M'mayankho amenewa mumapezeka chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene wodwalayo angasinthe n'kuzisunga. Ayeneranso kuuzidwa momveka kuti mpunga ndi nyama za pa ukwati, kapena nsima ya pamaliro, sizifafaniza khama la mwezi wonse, ndipo kuti mawa lake angopitiriza pamene analekezera. Ulendo wotsatira wa kuchipatala, sikelo, makina a BP ndi choyezera shuga zidzasonyeza ngati kusinthako kwakwanira kapena pakufunika kuwonjezera china.