Ndemanga pa Mawu Oti "Porch" ndi "Khonde"

1. Vuto lake

Mawu oti "khonde" sabweretsa mkangano pa kalembedwe. Malamulo a Chichewa Board a 1973, a Unduna wa Maphunziro wa Zambia a 1977 ndiponso a msonkhano wa ku Maputo wa 1988 amagwirizana kuti k wotuluka ndi mpweya alembedwe kh. Kusiyana kwa c ndi ch, komwe kumalekanitsa Cinyanja ndi Chichewa, sikuwakhudza. Komabe kugwirizana pa malembo sikunathetse vuto la tanthauzo. Omasulira mabuku a sukulu amakonda kuika "khonde" paliponse pomwe apeza mawu a Chingerezi oti "porch", ngati kuti awiriwa ndi amodzi.

2. Chiyambi cha "porch"

Mawuwa adalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, "porche", ndipo gwero lake ndi Chilatini, "porticus", kuchokera ku "porta", kutanthauza chipata kapena khomo. Choncho phata la tanthauzo lake ndi polowera. Ku Britain tanthauzoli lidakalipo: "porch" ndi kadenga kapena kachipinda kotchinga khomo la nyumba kapena la tchalitchi, pomwe munthu amabisala mvula podikira kuti amutsegulire. Ku America mawuwa adakula tanthauzo mpaka kunena malo aatali okhala ndi denga, pomwe anthu amaika mipando nkumacheza. Malo otere a ku Britain amawatcha "veranda", mawu ofanana ndi "varanda" wa Chipwitikizi, amene mwana wa ku Tete kapena ku Niassa amamva m'kalasi.

3. Tanthauzo la khonde

Khonde ndi malo okhalapo. Pa nyumba ya kumudzi limatha kuzungulira nyumba yonse, kunsi kwa denga lotulukira kunja kwa chipupa, ndipo amayi amalizira monga momwe amazirira m'nyumba. Mlendo akati "odi" amamuyalira mphasa pakhonde. Pomwepo anthu amatongola chimanga ndi kukambirana nkhani zosayenera kufika kubwalo. Khonde lotere likugwirizana ndi "porch" wa ku America, koma silikugwirizana ndi wa ku Britain. Mwana akawerenga kuti banja lidasiya maambulera pakhonde nkutseka chitseko chake, amasokonezeka, pakuti khonde lomwe akulidziwa lilibe chitseko.

4. Cholakwa china

Ena amalemba "makhonde" poganiza kuti tsinde la mawu lisasinthe. Maina ambiri a gulu la Li-Ma amataya mpweya akachuluka: khasu, makasu, phiri, mapiri, thupi, matupi. Choncho kuchulukitsa koyenera ndi "makonde". Chilembo chachikulu ndicho chimasiyanitsa mawuwa ndi dzina la mtundu wa Amakonde a kumpoto kwa Mozambique ndi kummwera kwa Tanzania, ndipo palibe chifukwa chowonjezera h.

5. Zoyenera kuchita

(a) Mndandanda wa mawu ogwirizana ulembe "khonde, makonde" pamodzi.

(b) Womasulira ayambe waona komwe buku lachokera. "Porch" wa ku America akhale "khonde". Wa ku Britain akhale "kakhonde ka pakhomo" kapena "polowera".

(c) Maunduna asavomereze buku poona malembo okha. Mabuku osindikizidwa kamodzi kuti agwire ntchito m'mayiko atatu amafalitsanso cholakwa chimodzi m'mayiko atatu.