Mizimu tidaipepesa, nanga amoyo?

Mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ku Quelimane adabwera kudzapuma titangomaliza kukolola, ndipo m'cikwama mwake mudali laputopu. Usiku wina titadya nsima adaiika pa mtondo wovundikira pabwalo nati, “Malume, taonani ici, mundiuze ngati zidalidi conco.” Tidasonkhana anthu khumi ndi awiri, amayi anga ali pamphasa kutsogolo. Cimene tidaona ndi filimu yochedwa A Árvore dos Antepassados, m'cinenero cathu tinganene kuti Mtengo wa Makolo. Ndalemba kuti ndikuuzeni cimene ndidaikondera, ndi pamene ndikuona kuti ife a m'malire muno tiyenera kupitirira pomwe iyo idalekezera.

Adaikonza ndi Licínio Azevedo, munthu wobadwira ku Brasil amene adadzakhazikika m'Moçambique patapita zaka zocepa dziko litalandira ufulu mu 1975. Acinyamata ena amamudziwa ndi filimu ya 2016, Comboio de Sal e Açúcar, ya sitima yocoka ku Nampula m'nthawi ya nkhondo, m'mene mudakwera anthu opita kukasinthitsa mcere ndi shuga ku Malawi. Iyi ya mtengo ndi yakale, idatuluka mu 1994, ndipo sikwana ola limodzi. Mulibe anthu ocita sewero. Ndi banja lenileni la m'cigawo ca Tete limene lidathawira ku Malawi mu 1984, lidakhala komweko zaka pafupifupi khumi, ndipo mtendere utabwera lidanyamuka kubwerera. Colinga ca ulendo wao si kukangomanga nyumba ndi kulima ai. Akupita pansi pa mtengo wa makolo ao kukapepesa, popeza adacoka osatsazika.

Apa ndi pamene filimuyi idalasa. Za nkhondo ija zidalembedwa zambiri, koma zoculuka ndi ziwerengero. Amati othawira ku Malawi adapitirira miliyoni imodzi. Amati pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu okwana 1.7 miliyoni adabwerera kucokera m'maiko oyandikana nafe. Zonsezi n'zoona. A mabungwe adatiwerenga mitu, adatipatsa makadi a ufa, ndipo pobwerera ena adalandira makasu ndi mbewu. Koma pa pepala lililonse limene tidadindapo cala padalibe mzere wofunsa kuti, kodi mudatsazika? Kwathu kuno ngakhale mlendo wa tsiku limodzi sacoka osatsazika, akatero timayamba kuwerenga nkhuku. Nkhondo idaticotsa tonse ngati mbava pamudzi pathu pomwe, manda osasesa, nkhalamba zosayenda zitatsala m'nyumba. Manyazi amenewo ndiwo Azevedo adawaona, nawaika pakati pa nkhani yake.

Ndidali ndi zaka zisanu ndi zinai mu 1986, caka cimene vila ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo ndipo midzi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine idakhamukira kutsidya kwa Muloza. Filimu ili m'kati amayi sadalankhule. Itatha adangoti, “Ifenso tidasiya mphika pamoto.” Zaka zonsezi ndidali ndisadawamvepo akunena zimenezo. Filimu imene ingatulutse mau otere m'kamwa mwa mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri yagwira nchito yake, ndipo ndikuiyamika.

Komabe pali cimene cidandivuta, ndipo ndakhala ndikucisinkhasinkha.

Kamera imatsata oyenda. Wotsala saoneka paulendo. Munthu akaonera filimu yotere amadzuka ali ndi maganizo akuti nkhani ya othawa nkhondo ili ndi mbali ziwiri zokha: kucilendo kumene tidavutika, ndi kwathu kumene tidabwerera. Amaganizanso kuti ngongole yathu yaikulu idali kwa akufa, ndipo tikathira nsembe yatha. Sindikumunena Azevedo kuti adanama. Iye adatsata banja limodzi, ndipo mu 1994 sakadatha kujambula zimene zidadza m'zaka makumi atatu zotsatira. Ndikunena ife oonera, kuti tisatenge theka la nkhani ngati nkhani yonse.

Coyamba, kwa ife a Milange, Malawi si kucilendo kweni kweni. Malire awa adalembedwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, osafunsa mfumu ya mudzi uliwonse. Zitatero, agogo athu ambiri, makamaka Alomwe, adaoloka kuthawa cibalo ndi msonkho, nakapeza thangata m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Zidzukulu zao ndi zimene zimasonkhana caka ndi caka pa Chonde, pa cikondwerero ca Mulhako wa Alhomwe. N'cifukwa cake mu 1986 ambiri sadafikire kumsasa wa othawa nkhondo. Adafikira pakhonde la asuweni ao, napatsidwa kamzere ka munda. Njala itavuta ku Malawi mu 2002, iwonso adabwera kuno kudzagwira ganyu ndi kudzagula cimanga, njinga zili ndondondo pa Muloza. Akulu adati apao ndi mizu ya kacere, amakumana pansi. Mtengo wathu mizu yake idadutsa pansi pa mtsinje.

Caciwiri, ndipo ici ndico cacikulu: si onse adabwerera. Ena adakwatiwa, ena adapeza nchito m'minda ya tiyi, ena ana ao adali atayamba sukulu m'Cingerezi ndipo Cipwitikizi cidawaopsa. Ena adatsala m'manda. Kupepesa mizimu n'kopepuka poyerekeza ndi kupepesa otsalawa. Ufa pang'ono, mowa m'cipanda, kuomba m'manja pansi pa msolo kapena mpoza, basi mwamaliza. Mzimu sukufunsa kuti udali kuti zaka zonsezi. Sukufunsa za munda. Wamoyo amafunsa.

Ndinene za m'nyumba mwathu, kuti ndisaoneke ngati ndikuloza ena cala.

Amayi ali ndi mng'ono wao mmodzi. Tili kothawa nkhondo, amayi aang'onowo adakwatiwa kumbali ya Phalombe. Agogo aakazi adamwalira komweko mu 1990, ndipo mfumu ya mudziwo idatipatsa malo kumanda kwao. Mu 1993 ife tidabwerera, amayi aang'ono adatsala ndi ana awiri. Tidasiyana ndi mau akuti tidzabwera tikakolola. Titafika kuno amalume adatisonkhanitsa pansi pa mtengo, adathira nsembe, adachula maina a makolo onse pamodzi ndi la agogo. Tidabalalika mitima ili m'malo.

Tidakolola kokwana makumi atatu osapita. Musaganize kuti n'kutali. Wanjinga akanyamuka m'bandakuca amafika dzuwa lisadalowe. Musaganizenso kuti ndi malire adatiletsa, pakuti kumsika wa Limbuli tidali kupita osaphonya. Cidatiletsa ndi munda. Agogo adasiya munda wa m'mbali mwa mtsinje, ndipo mwa mwambo wathu udali wa ana ao aakazi awiri. Pobwerera amayi adaulima wonse. Caka coyamba kudali kusungira mng'ono wao. Caka cacisanu tidabzalamo nthoci. Caka cakhumi mlongo wanga adamangako nyumba. Palibe adanena kuti tisapite kukaceza, koma aliyense adadziwa kuti tikapita nkhani ya munda idzatuluka. Tidayamba kuwachula kuti “a ku Malawi aja,” ngati kuti ndi mtundu wina.

Mu Malici 2023 namondwe Freddy adagwetsa matope ndi miyala kucokera m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe. Kunonso madzi adationonga, koma pa wailesi ndidamva maina a midzi imene ndidaidziwa ndili mwana. Nambala ya foni ya wina aliyense wa kumeneko ndidalibe. Njira itangoyamba kupitika ndidakwera njinga.

Ndidawapeza amoyo, nyumba itagwa, akugona pasukulu. Adzukulu ao, ana amene amayenera kunditi malume, adandigwadira nandipatsa moni waulemu, poyesa kuti ndabwera kudzalemba maina a cithandizo. Amayi aang'ono adandiyang'ana nthawi yaitali. Atandizindikira sadalire, sadasekerere. Adafunsa kuti, “Kwagwa maliro a yani?” Kwa iwo padalibe cina cimene cikadabweretsa munthu wa kwathu pakhomo pao.

Malonje athu adayamba masana natha kutada. Ine ndidachula akufa asanu ndi awiri a mbali yathu, amalume ali pomwepo. Iwo adachula asanu, pamodzi ndi amuna ao. Onsewo adaikidwa popanda uthenga kuoloka mtsinje. M'mawa mwake adanditengera kumanda. Manda a agogo adali olambula bwino, ndipo adandiuza kuti caka ciliconse amalambula okha. Pamenepo ndidaona kupusa kwathu. Ife tidachula dzina la agogo pansi pa mtengo n'kumati tamaliza, pamene amene ankasesa pomwe agogowo adagona sitidamutumizire ngakhale nsengwa ya ufa.

Nkhani ya munda ndidaiyamba ndine, mawondo akunjenjemera. Adandiyankha kuti, “Mwana wanga, khasu ndilinyamula kupita kuti ndi msana uwu? Munda sindiufuna. Ndidangofuna wina abwere adzandifunse.” Zaka makumi atatu tidathawa funso limene yankho lake lidali limeneli.

Sindikunena kuti kulikonse zimatha bwino conco. Ndikudziwa mabanja amene m'bale adabwera patapita zaka zambiri, nkhani ya malo n'kukafika kwa amfumu, mpaka anthu kuleka kudyerana. Ndikudziwanso kuti alipo alendo obwera ndi cibale pakamwa, m'mtima muli thumba la cimanga. Koma ngakhale mlandu wa kwa amfumu uli ndi pothera. Kukhala cete kulibe pothera, kumangopatsira ana. Ana athu ndi ana ao akumana kumsika, akunyengana pa sikelo, mwina akufunsirana, osadziwa kuti agogo ao adayamwa bere limodzi.

Alipo amene adatayanadi ndi abale ao, osadziwa ngati ali moyo. Nkhondo itatha zithunzi za ana osowa makolo zidayenda m'misasa ndi m'midzi, ndipo mpaka lero a Cruz Vermelha amathandiza kufunafuna anthu otayana. Amene ali ndi vuto lotere apite akafunse. Koma ambiri a ife tisadzinamize. Sitidataye abale. Mudzi wao tikuudziwa, dzina la mfumu yao tikulidziwa, ndi njira yomwe. Timangodikira maliro kuti atipatse cifukwa, pakuti pamaliro palibe amafunsa mafunso ovuta.

Tsono maganizo anga pa filimuyi ndi awa. Ndi yoona, ndi yaulemu, ndipo siicititsa manyazi anthu osauka amene ikuwaonetsa. Colakwika cacikulu si ca m'kati mwake, koma cakuti anthu a kutali adaiona kale pamene ife eni nkhani sitidaimve n'komwe. Ndikupempha a bungwe lathu kuti aifunefune, aionetse m'midzi, ndipo ngati n'kotheka mbali zonse ziwiri za Muloza. Ikatha musathamangire kubalalika. Funsani akulu amene alipo kuti pobwerera adasiya yani. Lembani mainawo, acinyamata awamve.

Ndipo amene wamva dzina, apite. Asadikire uthenga wa imfa. Anyamule kankhuku kapena kapulana, asapite yekha ngati pali nkhani ya malo, atenge mwinimbumba. Akafika apereke malonje onse osadumpha, a akufa ndi a obadwa. Nkhani imene akuiopa aiyambe yekha, asadikire kuti mwininyumba aiyambe. Cibale ndi fupa siciola, n'zoona, koma mwambi umenewu tausandutsa pobisalira ulesi. Fupa losaola limathanso kukwiririka mpaka osalipezanso.

Kucokera mu 2023 ndapita kanai. Ulendo uliwonse amayi ankandipatsira cimanga ndi moni, koma iwo eni ankati miyendo ikuwawa. Usiku wa filimu uja, anthu atabalalika, ndidawapeza akadali pamphasa. Adanditi, “Mawa ukafunse wa njinga yamoto kuti mpaka ku Phalombe ndi ndalama zingati.” Tidapita Loweruka lotsatira. Zimene adakambirana ndi mng'ono wao sindidazimve, cifukwa adatithamangitsa tonse m'nyumba. Tidangomva kulira, kenaka patapita nthawi tidamva akukangana za amene adasiya mphika uja pamoto.