Liu Lakuti "Anguru" ndi Mbiri Yake ku Thyolo

Liu limakula monga mwana, ndipo khalidwe lake limatsata nyumba imene lakuliramo. Wofuna umboni apite ku minda ya tiyi ya ku Thyolo, akafunse akuluakulu za liu lakuti "Anguru."

Kuyambira zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri analowa m'dziko la Nyasaland kuchokera ku Mozambique, kuthawa njala, msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi. Popeza nthaka yabwino ya ku Thyolo ndi ku Mulanje inali kale m'manja mwa Azungu, alendowo anamanga pa malo a eni minda, nalipira malowo ndi thukuta lao. Anali a magulu osiyanasiyana: Amihavani, Atakhwani, Amanyawa, Akokhola ndi ena. Koma anansi ao, pamodzi ndi akalaliki a boma, anawamanga onse mtolo umodzi nawatcha Anguru. Ena amati dzinali linachokera ku dera lina la kwao. Ngati nkotero, poyamba munalibe chitonzo m'menemo, monga mulibe chitonzo ponena kuti uje ngwa ku Ntcheu.

Chimene chinaononga liuli ndi umphawi wa eni dzina. Wotchedwa Mnguru anali munthu wopanda munda wakewake, wothyola tiyi pamvula, wolandira malipiro amene ena ankawakana. Pang'ono ndi pang'ono liulo linaleka kunena za kumene munthu anachokera, niliyamba kumuyesa mtengo pamaso pa anzake: mbuli, wauve, wakudya njoka. Ana analitola kwa akulu nafika nalo kusukulu, kumene liu lonyoza limamera msanga koposa samu. Mwana wa Mlomwe anaphunzira kuti kulankhula chinenero cha amake pabwalo nkudziitanira chiseko. Kotero mabanja ambiri anasiya Chilomwe natenga Chinyanja, ndipo amene amati "dzina silipha" ayambe awerenga zidzukulu zimene sizinamve konse nthano za agogo ao m'chinenero chao.

M'minda yomweyo munaonongeka liu linanso, koma m'njira ina. Kumudzi kuthangata kunali kuthandiza mnzako polima kapena pomanga nyumba, podziwa kuti mawa adzabwera kwa iwe. Eni minda analitenga liu lokomali naliika pa nchito imene wokhala pa malo ao ankagwira m'malo mwa lendi, afune asafune. Liu loyamba lija linanyoza wozunzidwa. Ili linaphimba wozunza.

Amene anaimirira kutsutsa dzina lonyozalo ndiye Lewis Mataka Bandawe, Mlomwe wophunzira ku mishoni ya Blantyre, amene anagwira nchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Mu 1943 anatsogolera poyambitsa bungwe la Alomwe, ndipo m'zaka zomwezo boma linavomera kulemba "Alomwe" m'makalata ake. Nzeru yake inali yakuti mtundu udzitchule wokha, pakuti dzina lopatsidwa ndi wokulemba nchito silichedwa kusanduka chikoti.

Komabe boma lisatamandidwe mopitirira. Kusintha liu papepala sikudya ndalama. Lamulo la 1928 la okhala pa malo a Azungu linawatcha "Natives". La 1952 linawatcha "Africans," dzina laulemu ndithu, koma thangata anakhalabe pomwepo. Mu 1953 anthu a ku Thyolo anauka ndi ukali, ena naphedwa ndi mfuti za boma, ndipo thangata anatha mu 1962. Dzina lonyozalo nalonso linachoka m'makalata koma linakhalitsa m'kamwa mwa anthu, pamsika ndi pamowa, kumene lamulo silimveka.

Mu 2008 bungwe la Mulhako wa Alhomwe linachita chikondwerero chake choyamba pa Chonde, m'boma la Mulanje, mtsogoleri wa dziko ali Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo. Dzina limene makolo ankalibisa linalembedwa pa nsalu, kalongonda amene ankasekedwa naye anadyedwa poyera, ndipo tchopa anavinidwa pamaso pa nduna. Koma mwa ovinawo ambiri, mlendo akawapatsa moni m'Chilomwe, amayankha liu limodzi kapena awiri, kenaka nkubwerera ku Chichewa.