Uzimba wa nguluwe m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu

Amene adapezapo chinangwa chake chitafukulidwa usiku umodzi amadziwa chifukwa chake makolo athu ankalemekeza alenje. Nguluwe imatuluka m'nkhalango kukada, nkufumbula munda wonse ndi mphuno. Kukacha, amuna a m'mudzi ankamemezana uzimba, agalu patsogolo, uta m'manja, mivi m'phodo.

Luso linkayambira pakhomo. Mlenje ankawongola bango pamoto wa makala, kumangirira nthenga kumchira kwa muvi, nkusomeka chitsulo chochokera kwa wosula. Kuthengo ankawerenga mapazi pamatope, nkuyenda moyang'anana ndi mphepo kuti fungo lake lisafike kwa nyama. Nguluwe yolasidwa imatembenukira munthu ndi mano akuthwa, n'chifukwa chake mnzako wa mkondo ankaima pambali pako. Pogawana nyama, palibe ankabwerera chimanjamanja.

Lero minda yakwera phiri, nkhalango yatsala pang'ono, ndipo lamulo la nyama zakuthengo la 1992 limafuna chilolezo munthu asanasake. Komabe ndimawavulira chipewa agogo aja. Adatiphunzitsa kudekha, kupenyetsetsa, ndi kusathawa mnzako zinthu zikathina.